Dengu la Matimati m'Holo ya Mayeso

Malemu anabadwa pa 14 Juni, 1930, pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, ndipo anawatcha dzina loti Stanislaus Andreya. Ine amene ndikuwerenga mbiri yawo pamanda pano ndine Kefasi Sailesi, msuweni wawo. Mukamva ndikuwanena pang'ono musadabwe, ndi ufulu wa pachisuweni umenewo, ndipo iwonso sanandilekerepo ngakhale tsiku limodzi. Inu ana athu a ku Zengeza ndi ku Seke, amene Chichewa mumachimva koma poyankha mumayankha m'Chishona, lero ingomverani. Palibe amene akufunseni funso.

Makolo a malemuwa anachokera ku Ntcheu, ndipo anafika m'dziko muno wapansi, kudzera ku Tete. Anabereka ana awiri okha, malemuwa ndi mlongo wawo, Mayi Florida, amene akhala apo pamphasa pambali pa amayi a kunyumba. Mayi wowabereka ankakonda kuwauza za phiri limene linali kuseri kwa mudzi wawo, loti m'mawa nkhungu imatsika n'kukhala m'minda mpaka dzuwa litakwera. Malemuwa ku Malawi sanapondeko. Koma phirilo ankalifotokoza mwala ndi mwala, mtengo ndi mtengo, moti anthu obadwira komweko ankangogwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinkawafunsa kuti kodi pasipoti yopitira kumeneko amaisunga kuti, iwo n'kumangoseka, maso ali patali.

M'chaka cha 1939 anayamba sukulu pa famu pomwepo. Kalasi yake inali m'chigafa cha fodya, ndipo ana ankalowamo masana akamaliza kutola mbozi m'munda. Analibe sileti, choncho ankalemba pansi ndi chala. Mwina n'chifukwa chake zilembo zawo zinali zazikulu, zozungulira, zopendekera kumbuyo ngati munthu amene akukwera chitunda atasenza katundu. Mu 1946 anamaliza Sitandade 6 pasukulu ya mishoni, ndipo mu 1949 analandira satifiketi ya uphunzitsi. Anaphunzitsa m'mafamu kwa zaka zingapo, kenako mu 1955 anabwera m'tauni n'kuyamba kuphunzitsa ku Highfield.

Mu Ogasiti 1957 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Rosina Sunday. Tsiku la ukwatilo anthu tinadikira m'tchalitchi mpaka nyimbo kutithera, mkwati ataima panja akuyang'ana mitambo. Mayi Rosina anawakhululukira tsiku limenelo, ndipo anapitiriza kuwakhululukira kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mulungu anawapatsa ana atatu, Winifred, Morris ndi Muriel.

Mu 1963 mlongo wawo, Mayi Florida, anabereka mwana wamwamuna dzina lake Naison. Bambo ake a mwanayo anapita kumigodi, osabwerakonso. Pamwambo wathu, ana a mlongo amawayang'anira ndi atsibweni awo, amene ana a kuno mumati sekuru, chifukwa ndiwo eni mbumba. Choncho mu 1969 malemuwa anamutenga Naison kukakhala naye kwawo. Anamuphunzitsa kulemba atamugwira dzanja, chala chawo pamwamba pa chala chake. Mwanayo atakula, zilembo zake zinali zofanana ndendende ndi za atsibweni ake, moti Mayi Rosina akapeza kapepala patebulo sankadziwa kuti walemba ndani. Malemuwa ankanyadira zimenezi kwambiri, ndipo ankaonetsa alendo.

Mu 1973 analembedwa ntchito ku yunivesite ngati woyang'anira nyumba zogona ophunzira. Mu 1977 banja linasamukira ku Zengeza. Mu 1981, dziko litalandira kale ufulu, anawakweza kukhala mu ofesi yoona za khalidwe la ophunzira ndi chilungamo pa maphunziro. Milandu ya ndewu, ya mowa, ya phokoso, ya kukopera ntchito ya mnzako n'kulembapo dzina lako, ya kubera mayeso, yonse inkayambira patebulo pawo isanapite ku komiti. Wolakwa sankathamangira kumukhazika pampando. Ankayamba ayenda naye pansi pa mitengo ya jakaranda ya pasukulupo, akumufunsa kumene akuchokera, amene amamulipirira sukulu, ndi ngati wadya. Ophunzira ankati ulendo umenewo unkaopsa kuposa komiti, chifukwa pofika kumapeto kwa mitengo munthu umapezeka wanena zonse wekha.

Koma chimene ambiri akuwakumbukira nacho ndi dengu. Mayi Rosina ankagulitsa matimati pamsika wa Chikwanha, ndipo nyengo ya mayeso ikafika, jakaranda atachita maluwa, dengu lawo limodzi linkasowa m'nyumba. Linkakwera basi m'mawa pamiyendo pa mwamuna wovala suti ndi matenesi oyera. Matenesiwo ankavala kuti poyenda m'holo asasokoneze ana akulemba. Ine ndinkati akuoneka ngati m'busa amene akupita kukasewera mpira.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Ophunzira akakhala pansi, mapepala a mafunso asanatsegulidwe, malemuwa ankavundikira dengulo ndi kansalu n'kulipereka kwa wa padesiki yoyamba. Ankalengeza kuti aliyense alowetse dzanja pansi pa kansaluko, kaya ali ndi kanthu kaya alibe, kuti pasadziwike amene waponyamo. Amene wabwera ndi kapepala kobera mayeso, m'sokosi, m'kolala kapena m'thumba, akasiye mmenemo, ndipo palibe amene adzamufunse. Akatero ankatembenuka, iwo ndi anzawo onse oyang'anira, n'kuyang'ana pawindo, manja ali kumbuyo. Dengu linkayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumbuyo kwa holo n'kubwerera, ndipo iwo sankacheuka mpaka litagunda padesiki yoyamba ija. Zam'kati mwake ankakazikhuthulira pamoto kuseri kwa holo, osavundukula n'komwe. Koma dengu likadutsa, chifundo chinkathera pomwepo. Wopezeka ndi kapepala pambuyo pake ankapita ku komiti, kaya ndi mwana wa ndani.

Ndinawafunsapo kuti pawindo paja ankaona chiyani nthawi yonseyo. Anandiuza kuti kuseri kwa mitengo yamaluwa ija, kumene ife timaonako nyumba za anthu olemera, iwo ankaona phiri la mayi awo, nkhungu ikutsika pang'onopang'ono. Anati kumbuyo kwawo ankamva dengu likulira tswa tswa pamadesiki, ndipo mtima wawo unkakhala m'malo, podziwa kuti ana a eni akudzipulumutsa okha. Anati pa ntchito yonse ya chaka, mphindi zimenezo ndi zimene ankazikonda.

Mu 1983 Naison anasankhidwa kupita ku yunivesite komweko kukaphunzira uinjiniya. Inu nonse mukukumbukira chimwemwe chake. Ife amene amatitcha Mabhurandaya, zidzukulu za anthu otola mbozi m'minda ya fodya, tinali ndi mwana wathu kumeneko. Mayi Florida anavina mumsewu wa kwawo ku Unit A mpaka nsapato kuduka. M'mawa uliwonse mtsibweni ndi mwana wa mlongo wake ankakwera basi imodzi, mpando umodzi.

Tsopano ndifike pa Novembala 1984. Ena anandilangiza kuti chaka chimenechi ndichidumphe, koma malemuwa anandipempha okha kuti ndisachidumphe, ndipo munthu amene moyo wake wonse ankaletsa ana kubisa timapepala sitingamuike m'manda titabisa kathu. Chaka chimenecho Naison anadwala nthawi yaitali, masamu n'kumusiya m'mbuyo. Mantha atamugwira, analemba zina pakapepala n'kukaika m'thumba. Tsiku la mayeso a masamuwo woyang'anira wamkulu anali atsibweni ake. Dengu linayenda monga mwa masiku onse, linafika pa Naison, iye n'kulowetsa dzanja lopanda kanthu.

Chifukwa chake anachinena yekha pamaso pa komiti. M'holo monsemo, ophunzira ena onse akanaponya kapepala kosadziwika mwini wake. Iye yekha ndi amene zilembo zake atsibweni ake akanazizindikira ndi diso limodzi, kansalu katangosuntha pang'ono. Anaganiza zoti madzulo akakhala nawo patebulo limodzi, iwo akudziwa. Anaona kuti kuli bwino akasunge m'thumba momwemo, asakagwiritse ntchito, akakataye panjira. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Mayeso ali m'kati, potulutsa kampango kopukutira thukuta, kapepala kaja kanagwera pakati pa mizere, patsogolo pa matenesi oyera aja.

Malemuwa anandiuza kuti palibe wina amene anaona. Akanatha kukaponda n'kuima pomwepo mpaka nthawi itatha. Anawerama, anakatola, n'kuona zilembo zawo zomwe, zozungulira, zopendekera kumbuyo. Anati holo yonse inachita ngati yapita kutali, madesiki akuyandama, ndipo kwa kanthawi anaona kamwana kakang'ono kakulemba chala chawo chili pamwamba pa chala chake. Kenako anachita zimene ankachita ndi wina aliyense. Anagwira mwanayo paphewa, anatenga pepala lake la mayankho, n'kumuperekeza pakhomo.

Tsiku la mlandu anapereka umboni wawo n'kutuluka, chifukwa anati sangakhale nawo pogamula mlandu wa m'bale wawo. Komiti inamuimitsa Naison sukulu kwa zaka ziwiri. Mlungu womwewo abale tinasonkhana ku Zengeza, ndipo mawu amene analankhulidwa m'nyumba ija anali olasa. Mayi Florida anati mwini mbumba ndi mthunzi wa ana a mlongo wake, ndipo anafunsa kuti ndi mtsibweni wamtundu wanji amene amapereka mwana wake ndi dzanja lake lomwe. Malemuwa anayankha kuti m'holo muja munali ana a amayi ena, ochokera ku Gokwe, ku Binga ndi ku Chipinge, amene atsibweni awo sankagwira ntchito pasukulupo. Anati analipo ena amene anawaperekeza pakhomo lomwelo m'zaka zam'mbuyo, ndipo akanaponda kapepala kaja ndiye kuti anawalakwira onsewo. Onse awiri ankalira polankhula.

Pamapeto pake Naison anaimirira n'kunena m'Chishona kuti popeza sekuru amutenga ngati munthu wamba, kuyambira tsiku limenelo iye ndi munthu wamba, alibe chibale ndi nyumba imeneyo. Anatenga chikwama chake n'kutuluka. Anakaphunzira ntchito yowotcherera zitsulo pa Chikwanha, ndipo ambiri a inu mafelemu a mawindo anu ndi mageti anu anapanga ndi iye. Ndi mmisiri wabwino, ntchito yake siipindika.

Zaka ziwiri zinatha, khomo la yunivesite linatseguka mu 1987, koma Naison sanabwerere. Malemuwa anapitiriza ntchito, dengu linapitiriza kukwera basi, koma mpando wa pambali pawo unkakhala munthu wina. Loweruka anayamba chizolowezi choperekeza amayi kumsika, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire. Akatula matimati ankakaima tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi pamene Naison amagwirira ntchito, n'kumaonerera moto wowotcherera ukuthetheka. Anandiuza kuti umaoneka ngati nyenyezi zikugwa masana. Ndinawauza kuti nyenyezi aziona kumwamba, apa angowoloka msewu akamupatse moni mwanayo. Anati adzawoloka Loweruka linalo. Msuweni wangayu anali munthu wolimba mtima pamaso pa ophunzira mazanamazana, koma kamsewu kamodzi ka pa Chikwanha kanamukanika.

Mu Epulo chaka chino cha 1988 anayamba kudandaula m'mimba. Anagonekedwa kuchipatala kawiri, ndipo madokotala anapeza kuti chiwindi chawonongeka. Mu Ogasiti anawabweza kunyumba. Mayi Florida atamva, anabwera kuchokera ku Unit A ndi kachikwama kawo, analowa m'nyumba imene sanapondemo chiyambire 1984, n'kulandira supuni ya phala m'manja mwa alamu awo. Za kale sanazitchule, iwo kapena malemuwa. Kwa Naison tinatumiza uthenga, ndipo yankho linali lakuti ntchito yamuchulukira.

M'masabata omaliza anapempha kuti bedi lawo tilitembenuze liyang'ane pawindo. Masana, dzuwa likamalowa m'chipindamo, ankaona zinthu zimene ife sitinkaziona, ndipo ankatifotokozera modekha, opanda mantha. Ankati ali m'holo yopanda zipupa. Madesiki andandalikidwa m'munda wa fodya wa ku Banket, mizere yake yapitirira mpaka patsinde pa phiri la mayi awo, ndipo maluwa a jakaranda akugwera pamapepala. Ankati ana onse amaliza kulemba, anyamuka, alowa m'nkhungu, koma patsala desiki imodzi. Tikalankhula mokweza ankakweza chala kuti tichepetse mawu, pali mwana amene sanamalize. Nthawi zina ankafunsa amayi ngati dengu labwerera kutsogolo, chifukwa khosi latopa koma sangacheuke lisanafike.

Lamlungu lapitali mutu wawo unayera bwinobwino, ndipo anandiitana pamodzi ndi amayi ndi Mayi Florida. Anati za kapepala kaja sakupepesa, ndipo kakanagwanso lero akanakatolanso. Koma anati zinthu ziwiri zinkawawawa. Choyamba, anakhala ndi mwana m'nyumba zaka zonse zija osamuuza ngakhale kamodzi pachakudya kuti dengu lija salivundukula, moti mwanayo anaopa maso awo kuposa lamulo. Chachiwiri ndi msewu wa pa Chikwanha. Kenako ananena kuti mbumba yawo akuisiya m'manja mwa Naison, monga mwa mwambo, ndipo palibe wina. Anatisiya Lachitatu, pa 19 Okotobala, dzuwa likupendeka, nkhope ili pawindo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.

Malemuwa asiya mkazi wawo, Mayi Rosina. Asiya ana atatu, Winifred, Morris ndi Muriel, ndi zidzukulu zisanu. Asiya mlongo wawo mmodzi, Mayi Florida. Asiyanso mwana wa mlongo wawo, amene anamulera ndi kumuphunzitsa kulemba, Naison.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa ndi amayi a mvano amene akhala nafe pasiwa chiyambire Lachitatu. Ndikuthokoza anansi athu a ku Zengeza, amene anatsegula nyumba zawo kuti alendo agonemo, m'Chishona chanu tikuti tinotenda. Ndikuthokoza akuluakulu a ku yunivesite chifukwa cha galimoto, ndiponso ophunzira amene aima uko, amene ali pakati pa mayeso koma abwera. Dzulo anakapempha dengu lija kwa amayi, ndipo m'mawa uno alibweretsa litadzaza maluwa a jakaranda amene atola pansi pa mitengo ija. Ndi ilo lili pamutu pa bokosi. Ndikuthokoza a sosayiti yathu ya maliro, makamaka adzukulu, motsogozedwa ndi Bambo Hezekiah, amene akumba nyumba yomaliza ya msuweni wanga panthaka youma gwa ya mwezi uno.

Pamenepa pepala langa latha, zotsalazi sindinalembe. Kwa anzathu amene mwambo wathu simuudziwa, adzukulu ndi anthu okumba manda, ndipo sakhala abale a malemu. M'bale sagwira khasu kapena fosholo pamanda a m'bale wake. Ntchito yake ndi kukhala pansi n'kulira, ena n'kumugwirira ntchito. Lero m'mamawa Bambo Hezekiah atafika pano ndi anzawo, anapeza munthu atayamba kale kukumba. Atamuuza kuti atuluke m'dzenjemo, anayankha kuti iye anasiya chibale zaka zinayi zapitazo, choncho mwambo sukumuletsa. Akuti wakumba kuposa wina aliyense, osapuma, osalandira madzi, manja mpaka kutuluka matuza. Ndi uyo waima kuseri kwa mulu wa dothiwo, fosholo ili m'manja.

Naison, adzukulu onse ndawathokoza, koma iwe sindikuthokoza. Sindingathokoze mwini maliro. Munthu wamba sadzuka kusanache kudzakumba manda a munthu amene alibe naye kanthu, ndipo ife tonse pano tili ndi maso. Mawu amene unanena m'nyumba ija unawanena uli mwana, mtima ukuwawa, ndipo unali ndi chifukwa. Koma chibale ndi fupa, sichiwola. Wamva wekha zimene atsibweni ako ananena Lamlungu. Sanasinthe maganizo pa kapepala, ndipo iwe ukuwadziwa, sakanasintha. Koma Loweruka lililonse ankaima tsidya lina la msewu, ndipo ndikukhulupirira kuti unkawaona, chifukwa munthu wa suti ndi matenesi oyera pa Chikwanha sabisika.

Lero ndi Loweruka, ndipo iwo sangathenso kuwoloka. Atembenuka, akuyang'ana pawindo lawo, sakuona amene akuponya kapena chimene akuponya. Ifenso sitikufunsa kanthu. Dothi loyamba ndi maluwa oyamba amaponya ndi mwini mbumba, ndipo bokosi ili silitsika mpaka mwini mbumba atakhala pamalo pake. Dzuwa likuswa mtengo, amayi awa atopa, koma tidikira. Malemuwa anatiuza kuti tisachite phokoso, pali mwana amene sanamalize.

Zikomo. Bambo Hezekiah, mulandireni fosholoyo. Wina abweretse madzi asambe m'manja. Winifred, sendera pang'ono, m'bale wako adutse. Mayi Florida, musadzuke, akubwera komweko. Musiyeni alire, ndiyo ntchito yake lero.

Morris, tenga dengulo umupatse iye poyamba, kenako liyende dzanja ndi dzanja mpaka kumbuyo kwa ophunzira uko, aliyense atengemo duwa.

A Stanislaus, msuweni wanga, dengu lafika kutsogolo. Mukhoza kucheuka tsopano. Ana onse amaliza, holo mulibenso munthu, ndipo phiri la mayi anu lija lili pafupi. Pitani mukalione ndi maso, mukatiuze ngati munkanena zoona. Mzimu wanu uuse mumtendere, mpaka tsiku limene tidzaonanenso.